Ludzu la Duwa la Benedicta

Kwa Mkanda konse kunalibe wosadziwa kuti Timoteyo Zulu ndi mlimi. Chimanga chake chinkabereka ziwiriziwiri, mtedza wake mavenda ankachita kuulondola pakhomo, ndipo alangizi akafuna munda woti ena aonerepo ankangokhotetsa njinga yamoto kulowera kwake. Munthu wotere ukamuuza kuti pali chomera chimene chamukanika, amakuyang'ana ngati wamupondera mwana. Koma chaka chimenecho chinamukanika ndithu, ndipo sichinali chakudya ayi. Linali duwa.

Duwalo linali bogenivila wofiira amene mkazi wake Benedicta anabzala pakona ya khonde chaka chimene anakhoma malata. Kwa zaka makumi awiri, maliro akagwa m'mudzimo kapena m'midzi yoyandikana, amayi a mphakati ankabwera ndi malichero kudzathyola maluwa pamenepo, n'kukhala pansi pa mango kuluka nkhata. Benedicta ndiye ankatsogolera, minga ikumulasa zala, iye akungoyamwa chalacho n'kupitiriza. Koma imfa ilibe manyazi. Mwini duwa anamwalira mu Febuluwale, mvula ili pakati, nyengo imene bogenivila wakeyo ankakhala masamba okhaokha. Pamanda ake anayalapo nkhata zapulasitiki zogula ku Boma, ina ikadali ndi kapepala ka m'sitolo.

Zimenezi zinamuwawa Timoteyo kuposa mmene anthu ankaganizira. Mayi amene analukira nkhata mudzi wonse, lero n'kugona pansi pa pulasitiki! Choncho abale atagwirizana kuti chiliza chidzavundukulidwe Loweruka lomaliza la Okutobala, iye anaimirira pamaso pa onse n'kulengeza kuti tsikulo nkhata iliyonse idzachokera pa duwa la mkazi wake, ndipo wobwera ndi pulasitiki adzabwerere nayo kumsewu.

"Alamu, inu ndi maluwa munadziwana liti?" anafunsa Esitele, mng'ono wake wa malemuyo, mayi wosasunga mawu m'kamwa. "Zaka zonsezi munkangolidutsa ngati chitsa."

"Chomera ndi chomera," anayankha Timoteyo. "Maekala anayi amandimvera, ndiye kandikanike kaduwa?"

Atangotsiriza kukolola mu Meyi anayamba ntchito, ndipo anaiyamba mwaulimi weniweni. Anapalira mozungulira tsinde, anakumba beseni, anathiramo mawilibala awiri a manyowa a nkhuku. Kenako anatulutsa feteleza amene anatsala m'dzinja. Anayamba ndi wokulitsa, atabaya maenje ndi kamtengo monga achitira pa phando la chimanga. Patatha milungu itatu anabwera ndi wobereketsa, akuyeza ndi chitsekero cha botolo, koma m'malo mwa chitsekero chimodzi anathira zisanu ndi chimodzi poti duwalo linali lalikulu. Madzi ndiye osanena. Zigubu ziwiri pa njinga m'mawa, ziwiri madzulo, tsiku ndi tsiku, mpaka amayi a pamjigo anayamba kumusungira malo pamzere, ena akumufunsa ngati watsegula dimba kuchipinda.

Duwalo linamuyankha. Linakwera mzati wa khonde, linayanga pamalata, linatseka zenera la pabalaza moti masana m'nyumba munkachita mdima. Masamba anakula, onenepa, obiriwira kuti biriwiri, minga yake ngati misomali. Odutsa ankaima n'kuyamikira, iye n'kumagwedeza mutu monyadira. Zoti palibe duwa ngakhale limodzi sanazilabadire. Chimanganso chimayamba ndi masamba, ngayaye zimadza pambuyo.

Ogasiti ndiye anamuchotsa tulo. Tsiku lina akudutsa pasukulu ya pulayimale anaona bogenivila wa pampanda, amene mbuzi zimakudzula ndipo ana amathyola zikwapu, ali psuu kuyambira pansi mpaka kunsonga. Palibe ankamuthirira, palibe ankamupalira. Anatsika pa njinga, anafukula dothi ndi chala, n'kupeza louma gwa, la miyala. Anabwerera kunyumba liwiro, anakokera makwerero pakhonde, anakwera n'kuyamba kupatula nthambi imodziimodzi. Anatsika mikono ili magazi, wosapeza kanthu. Madzulo omwewo anawonjezera wobereketsa.

Kuyambira pamenepo munthu uja anasowa pokhala. Kukangocha, asanasambe m'maso, anali kale pamakwerero. Tiyi ankamwera chiimire. Akati akhale pampando, mpando ukumutentha. Akati apite kudimba, pofika pakati pa njira n'kubwerera kuti mwina china chatuluka. Pakalendala ya tchalitchi yopachikidwa kukhoma ankadula masiku ndi bolopeni, kenako n'kumawerenganso otsalawo kawirikawiri ngati awonjezekera. Mwana wake Lovemore ataimba foni kuchokera ku Lilongwe n'kunena kuti, "Adadi, musadzivutitse, kuno amagulitsa maluwa enieni a m'madzi, ndidzabwera nawo," Timoteyo anadula foniyo n'kuitsekera m'kabati tsiku lonse.

Esitele anapirira mpaka pakati pa Seputembala. Tsiku lina anamupeza ali pamwamba, mutu uli m'masamba, miyendo yokha ikuoneka.

"Alamu, tsikani musanatipatse maliro ena," anatero. "Safunsa anadya phula. Ku Boma, kuseri kwa sitolo ya zitsulo ya a Saidu, kuli akazi awo a Mwanahamisi, amagulitsa maluwa m'zitini. Achemwali anakatenga kamtengo kameneka kwa iwowo. Pitani mukafunse."

"Ine ndikafunse ulimi kwa munthu wolima m'chitini?"

"Ee, inuyo. Wa m'chitiniyo maluwa ali nawo, a maekala anayi muli ndi mthunzi."

Mawuwo anamulasa, ndipo anakhala masiku awiri osamulankhula Esitele. Tsiku lachitatu anadula nthambi imodzi, anaikulunga m'chiguduli chonyowa, anatapa dothi la patsinde m'jumbo, n'kupalasa njinga ulendo wa ku Boma. Anafika dzuwa litakwera, malaya atamatirira kumsana.

Kuseri kwa sitoloyo kunali kabwalo kakang'ono kodzaza zitini za penti, zigubu zodula pakati ndi mapoto obooka, chilichonse chili ndi duwa lake. Mwanahamisi anali mayi wamfupi, wa mpango wachikasu, atakhala pa kampando akudzaza dothi m'timachubu. Anamupatsa moni n'kumulozera benchi, koma Timoteyo anakhalapo ndi thako limodzi, n'kudzukanso asanamalize kufotokoza. Atatchula dzina la Benedicta, mayiyo anasiya chubu.

"Anatisiya? Pepani, bambo, pepani kwambiri. Ndimawakumbukira. Ankabwera kudzacheza ndi maluwa, osati ndi ine."

Anatenga nthambi ija, anapinda tsamba pakati pa zala, kenako anatsegula jumbo n'kununkhiza dothi. Anayetsemula, n'kuyang'ana Timoteyo kuyambira kumapazi.

"Bambo, mwathiramo chiyani umu?"

Timoteyo anafotokoza zonse mwadongosolo, manyowa, wokulitsa, wobereketsa kawiri, zigubu zinayi patsiku, akuyembekeza kuti mayiyo aone kuti akulankhula ndi katswiri. Mwanahamisi anagwira pakamwa ndi nsonga ya mpango, koma phwete linatuluka ndithu.

"Mundikhululukire, si kuseka maliro. Koma mwalidyetsa ngati mbuzi ya pa Idi! Ili ndi duwa la chilimwe, bambo. Likakhuta limaiwala ntchito. Yureya wanu wobereketsayu kwa ilo ndi wa masamba basi. Limachita maluwa likamva ludzu, mizu ikaona kuti zinthu zavuta."

"Chomera chimabereka chikadya," anatero Timoteyo mouma.

"Chimanga, ee. Taonani kuno." Anamukokera pa bogenivila wa m'chitini cha penti, wowonda ngati chikwapu koma wofiira yense. Anathyola kamodzi n'kukatambasula pachikhatho. "Izi mumati maluwazi si maluwa n'komwe. Ndi masamba atatu, angosintha mtundu kuti agulugufe aone patali. Duwa lenileni ndi aka koyera ka pakatika, kochepa ngati mutu wa machesi. Nanga rozi uyu? Uyu ndiye mnzanu, amafuna manyowa ndi madzi, komanso kumudulira mopanda chisoni. Alovera uyo mukamuthirira tsiku lililonse amaola mizu. Aka timakatcha teni koloko, kamadikira dzuwa likwere, kukachita mitambo sikatsegula n'komwe. Awa achikasu onunkhawa ndimabzala m'mbali mwa tomato, amathandiza kuchepetsa anyongolotsi a m'mizu. Lililonse ndi khalidwe lake, ngati ana a m'nyumba imodzi."

"Mayi, ine sindinabwerere sukulu," anatero Timoteyo akupondaponda. "Ndatsala ndi milungu isanu ndi umodzi."

"Chabwino. Malemuwo ankalithirira kangati?"

Timoteyo anayesa kukumbukira. Sanaonepo Benedicta atanyamula ndowa kupita pa duwalo. Mwa apo ndi apo ankangokhuthulirapo madzi otsukira mbale, osayang'anako n'komwe. Ndipo iye, Timoteyo, kangapo konse anamunenapo kuti akanakhala wolimbika duwalo likanakula kawiri. Benedicta ankangoseka. Manyazi anamugwira pamenepo, pakati pa zitini za mayi wachilendo, moti anavula chipewa n'kuyamba kuchipotokola.

"Mukachotse manyowa onse patsinde," anatero Mwanahamisi, mawu atafewa. "Beseni mukwirire. Kenako milungu inayi yathunthu osathira ngakhale dontho. Masamba afota, ena ayoyoka, mtima ukuwawani. Musathire. Mukangothira msanga mwabwerera poyamba, litulutsanso masamba. Feteleza mwaikayo ndi wambiri, sindikulonjezani. Koma Mulungu akalola, nsonga ziyamba kufiira chiliza chisanafike."

"Nanga china choti ndichite?"

"Palibe. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mwa malangizo onse amene Timoteyo analandirapo pa moyo wake, awa ndiwo anali ovuta. Mukanamuuza kuti akumbe chitsime ndi supuni akanakumba. Koma kungokhala? Tsiku loyamba linali bwino poti panali manyowa ochotsa ndi beseni lokwirira. Lachiwiri ananola makasu onse, ngakhale mvula inali kutali. Lachitatu anaphwasula chitseko cha khola chimene chinalibe vuto n'kuchikhomanso. Lachinayi anangozindikira ali pamjigo, zigubu zili pa njinga, miyendo itamutengera yokha. Anatunga ndithu poopa kusekedwa, n'kukasiya madziwo kwa Esitele, amene anawalandira osafunsa.

Masiku otsatira anasamukira kumanda, kumene mmisiri ankamanga chiliza. Ankaima kumbuyo kwake, akumuuza kuti simenti yachepa, mchenga wachuluka, ngodya yapendekeka. Mmisiriyo, munthu wofatsa, pamapeto pake anamupatsa chipande chomangira n'kunena kuti, "Bambo, mwina mumange ndinu, ine ndikhale wamasiye." Timoteyo anabwerera kunyumba, n'kuzungulira nyumbayo kanayi asanalowe.

Okutobala analowa ndi ukali wake wonse. Dzuwa linkatuluka lotentha kale, malata akulira okha masana, nkhuku zili yasa kukamwa pansi pa nkhokwe. Mlungu wachiwiri chisiyireni kuthirira masamba aja anataya kuwala. Akawagwira ankamva ofewa ngati nsalu yakutha. Mlungu wachitatu anayamba kulendewera, ena kuchita chikasu, ndipo kamphepo kakangodutsa ankayoyoka pakhonde. Timoteyo ankasesa m'mawa, pofika masana pali ena.

"Zikuyenda, alamu," anatero Esitele atabwera kudzaona. "Ndi zomwe ananena a Mwanahamisi zija. Pirirani."

Iye anangotola tsache n'kulowa m'nyumba. Esitele anaganiza kuti ndi mwano wake wa masiku onse, osadziwa kuti liwu lomalizalo lamubaya pa bala limene palibe ankalidziwa.

Pajatu Benedicta atadwala m'mimba mu Febuluwale muja, womudikirira kuchipatala anali Timoteyo yekha, poti Esitele anali atathamangira kumudzi kukatenga zovala ndi ufa. Madokotala ananena kuti opaleshoni ichitika m'mawa mwake, ndipo wodwala asadye kapena kumwa chilichonse. Namwino anafotokoza bwinobwino chifukwa chake, n'kumata pepala pabedi. Sanalakwe, ntchito yawo imatero. Koma madzulo onsewo Benedicta ankapempha madzi. Milomo inali itang'ambika, lilime likumatirira.

"Abambo ake Lovemore, kadontho kokha," ankatero.

Botolo linali m'manja mwa Timoteyo. Koma iye ndi munthu wotsatira malangizo, ndi chifukwa chake chimanga chake chinkabereka ziwiriziwiri. Analibisa kumbuyo kwa mpando.

"Pirirani, amake Lovemore. Mawa mumwa mpaka mukhute."

M'mawa mwake anamulowetsa m'chipinda cha opaleshoni, ndipo sanadzukenso. Timoteyo anabwerera kumudzi ndi mtembo, botolo lija lili m'thumba la jekete, lodzaza. Sanauze munthu. Anazikwirira pansi pa zokolola, pansi pa misonkhano ya chiliza, pansi pa zigubu zinayi patsiku. Tsopano zigubu zitaima, zokwiriridwazo zinafukuka zokha. Akayang'ana masamba ofotawo ankaona milomo ija.

Anayesa kuthawa. Anayamba kutulukira khomo la kuseri kuti asadutse pakhonde. Anapita kwa mnzake kukathandiza kufolera chigafa cha fodya osaitanidwa. Koma kulikonse kumene anali, khutu linali kunyumba, ngati kuti wina akuitana chapansipansi.

Tsiku la makumi awiri ndi atatu la ludzulo Esitele anabwera m'mawa, anaima pa mpando n'kukoka nthambi ya pafupi ndi malata. Anakuwa ngati waona njoka.

"Alamu! Bwerani! Taonani nsonga iyi!"

Kunsonga kwenikweni kunali timasamba titatu tating'ono ngati njere za mpunga, tosabiriwira ngati tinzake. Tinali titayamba kufiira. Anapezanso tina pa nthambi yachiwiri.

"Masiku asanu okha, alamu, milungu inayi ikwane. Likagwira apa ndiye basi, pofika Loweruka lija tidzachita kusowa malichero. Ndikukauza amayi a mphakati." Anatsika n'kuthamanga, chitenje chili m'manja.

Timoteyo anatsala yekha pakhonde. Anayenera kusangalala, ndipo anayesa. Anayang'ana tinsonga tija, kenako maso anatsikira pa duwa lonselo. Theka la masamba linali pansi. Otsalawo anali lende, opiringizika m'mbali, ndipo dothi la patsinde linali litang'ambika ming'alu yolowa chala. Analowa m'nyumba, anatuluka. Anakhala pa sitepe, anadzuka. Anapita kukhola, anabwerera asanafike. Dzuwa linafika paliwombo, mthunzi wa khonde unathawa, ndipo tsamba lina linathothoka popanda mphepo n'kumugwera paphazi. Analitola. Linaphwanyika m'zala ngati fodya wouma.

"Masiku asanu," analankhula yekha. "Mawa mumwa."

Mawu akewo anamubwerera m'makutu. Sanaganizenso. Anakoka njinga, anamangirira zigubu ziwiri, n'kupalasa kupita kumjigo dzuwa lili pamutu. Kunalibe mzere nthawi imeneyo. Anapopa yekha, mwamphamvu, chitsulo chikumuotcha m'manja.

Esitele pobwerera anamupeza atagwada patsinde, chigubu chili chopendekeka, madzi akulowa m'ming'alu ndi kaphokoso ngati munthu akumeza.

"Alamu! Mwapenga? Mayo ine, milungu itatu yonse ija! Siyani!"

Anathamanga kuti alande chigubucho, koma Timoteyo anachikumbatira. Apa ndi pamene Esitele anaona nkhope yake. Bambo amene pamaliro a mkazi wake sanagwetse msozi pagulu anali akulira ngati mwana, mamina ndi misozi zikutsikira m'ndevu.

"Anapempha madzi, mlamu," anatero. "Kuchipatala kuja, inu mutapita kumudzi. Madzulo onse ankapempha. Botolo ndinali nalo m'manjamu. Ndinawauza kuti apirire, amwa mawa." Anapukuta kumaso ndi phewa, osasiya kuthira. "Anapita ndi ludzu achemwali anu. Ine ndi amene ndinawamana."

Esitele anachisiya chigubucho. Anaima manja ali m'khosi, akuyang'ana madzi akuda akuzungulira tsinde.

"Si inu munalakwa," anatero pamapeto pake. "Anakuuzani achipatala."

"Ndikudziwa. A Mwanahamisinso anandiuza, ndipo sananame. Koma kawiri ayi, mlamu. Kawiri sindingathe."

"Nanga pachiliza tidzayala chiyani? Munalonjeza pamaso pa anthu."

"Adzandiseke. Mudzaluke masamba." Anatembenukira kutsinde, n'kutsitsa mawu ngati mmene munthu amalankhulira ndi wodwala. "Imwani, amake Lovemore. Imwani."

Esitele anakweza maso kuyang'ana tinsonga tofiira tija pafupi ndi malata, anatiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamanga chitenje mwamphamvu, anapita pa njinga, anamasula chigubu chachiwiri n'kuchikokera patsinde. Anagwada pafupi ndi mlamu wake n'kutsegula chitsekero.

"Pang'onopang'ono, alamu, mukukokolola dothi," anatero akupendeketsa chake.

Nthaka inamwa zigubu zonse ziwiri osatsala chithaphwi, ndipo Timoteyo anazimangiriranso pa njinga kukatunga ena.